Mlimi akamwalira msanga, munda nawo umalira maliro

Pa maliro sitikamba za ndalama. Ndi mwambo wathu ndipo ndi mwambo wabwino. Koma adzukulu akatsuka makasu awo, alendo akabalalika, pakhomo pamatsala mayi ndi ana, ndi munda umene udzafuna kulimidwa mvula ikagwa kaya mwini wake alipo kapena palibe. Apa ndi pamene nkhani ya chuma imayambira, ndipo imatenga zaka kuti ithe.

Sabata ino ndifuna tikambirane za nthenda imene sitchulidwa kawirikawiri m'midzi mwathu, khansa ya muubongo, ndi chuma chimene banja komanso dziko limataya munthu akafa nayo akadali ndi mphamvu. Maganizo anga ndi akuti imfa ya mlimi wa zaka 35 kapena 40 imaononga chuma chambiri kuposa chimene mabuku a boma amaonetsa. Ndikutinso gawo lalikulu la chuma chimenechi tingathe kulipulumutsa, ngakhale pamene madotolo alephera kupulumutsa moyo wa wodwalayo.

Nthendayi ndi yotani?

Khansa ya muubongo ndi chotupa chimene chimamera mkati mwa mutu. Chigaza ndi fupa lolimba losafutukuka, choncho chotupa chikamakula chimapanikiza ubongo. Munthu amayamba kumva mutu umene ukulirakulira sabata ndi sabata, makamaka m'mawa podzuka, nthawi zina pamodzi ndi kusanza. Wina amayamba kugwa ngati wa khunyu pamene chibadwire sadagwepo. Wina amafooka mkono ndi mwendo mbali imodzi, kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kusokoneza mawu. Winanso amangosintha khalidwe: bambo wofatsa amasanduka waukali, woiwalaiwala, wosasamala za pakhomo.

Zotupa za m'mutu zili mitundumitundu. Zina zimamera pa chikutiro cha ubongo ndipo zambiri mwa izo si khansa. Dotolo akazichotsa pa nthawi yake munthu amabwerera kumunda. Zina zimachita kuchokera kwina, monga ku mapapo kapena ku bere, nkudzakhazikika muubongo. Choopsa kwambiri ndi chimene madotolo amachitcha glioblastoma. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya ndi ku Canada amene zotsatira zake zidatuluka mu 2005 adaonetsa kuti ngakhale odwala atachitidwa opareshoni, kuotchedwa chotupacho ndi makina ndi kumwa mankhwala amphamvu, theka la iwo adamwalira pomatha miyezi pafupifupi 15. Kumeneko ndi kumene kuli zipatala za zonse.

Bungwe la IARC, limene limawerengera za khansa pansi pa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, lidati mu 2022 anthu oposa 320,000 adapezeka ndi khansa ya muubongo ndi mumsana pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 250,000 adamwalira nayo. Poyerekeza ndi khansa ya m'mapapo kapena ya m'mawere, chiwerengero chimenechi ndi chochepa. Chimene chimachititsa kuti akatswiri a zachuma aziyiyang'ana ndi diso lina ndi msinkhu wa anthu amene imawatenga.

Mmene anzathu amawerengera

Mu 2005 madotolo a ku Cambridge ku Britain adafunsa funso ili: munthu akafa ndi khansa yakutiyakuti, wataya zaka zingati zimene akadakhala ndi moyo? Adapeza kuti wofa ndi khansa ya prostate, imene imakonda kugwira abambo okalamba, amataya zaka pafupifupi 6. Wofa ndi chotupa cha muubongo amataya zaka pafupifupi 20, kuposa khansa ina iliyonse imene adawerengera.

Akatswiri a zachuma amatenga zaka zotayikazo nkuzisandutsa ndalama. Njira yake ndi yosavuta kumva. Amaona zaka zimene munthuyo adatsala nazo kuti apume pa ntchito, nkuchulukitsa ndi malipiro amene akadalandira chaka ndi chaka. Potsata njira imeneyi, kafukufuku wa m'maiko 30 a ku Ulaya adapeza kuti imfa za msanga za khansa m'chaka cha 2008 chokha zidatayitsa maikowo ndalama zokwana mayuro 75 biliyoni. Atagawa ndalamazo pa imfa imodzi imodzi, khansa ya muubongo idali m'gulu la zitatu zodula kwambiri, pafupifupi mayuro 290,000 pa munthu mmodzi. Kafukufuku wina wa m'maiko a Brazil, Russia, India, China ndi South Africa adapeza madola oposa 46 biliyoni otayika mu 2012, ndipo South Africa ndiye idali patsogolo pa mtengo wa imfa imodzi, madola pafupifupi 100,000.

Wina anena kuti kuika mtengo pa moyo wa munthu ndi mwano. Ndikumvetsa. Palibe ndalama imene ingabweze bambo kwa ana ake. Koma nduna ya zachuma ikamagawa ndalama za dziko imayang'ana manambala, ndipo chinthu chopanda nambala chimatsalira kunja kwa bajeti. Anzathu amawerengera pofuna kuti boma lawo lione kuti kugula makina a chipatala kumatchipa kusiyana ndi kuika anthu m'manda.

Tsono vuto lathu lili apa. Njira imeneyi imawerenga malipiro, ndipo mlimi wa kumudzi salandira malipiro. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Malawi muno tidalipo anthu 17.5 miliyoni ndipo 84 mwa 100 alionse ankakhala kumudzi. Chimanga chimene mlimi amakolola nkudya ndi ana ake sichidutsa ku banki. Ntchito ya mayi yotunga madzi, kutola nkhuni, kupalira ndi kulera ana palibe amene amailemba. Mukagwiritsa ntchito njira ya ku Ulaya osaisintha, mupeza kuti imfa ya kalaliki mmodzi wa mu tauni ikulemera kuposa imfa za alimi khumi. Amene adakhalapo kumudzi akudziwa kuti masamu otere ndi abodza.

Tiwerengere m'matumba

Popeza kwacha imagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, tiyeni tiwerengere ndi ndalama imene mlimi aliyense amaidziwa: thumba la chimanga la makilogalamu 50.

Tiyerekeze bambo wa zaka 40 amene ali ndi munda wa hekitala imodzi. Chaka chabwino, atathira feteleza, amakolola matumba 40. Ali ndi ng'ombe ziwiri za pangolo, mbuzi zisanu, ndi kadimba ka tomato kumene kumachokera ndalama ya sopo, mchere ndi fizi. Bambo ameneyu wayamba kudwala mutu mwezi wa September.

Chitayiko choyamba chimabwera iye akadali moyo. Wodwala sapita yekha ku chipatala chachikulu. Pamafunika womudikirira, ndipo kawirikawiri amakhala mkazi wake. Ndiye kuti makasu awiri aakulu a pakhomopo achoka m'munda nthawi imodzi. Mvula yoyamba ikagwa iwo ali ku chipatala, mbewu imabzalidwa mochedwa. Udzu umakula pamodzi ndi chimanga m'masabata asanu ndi limodzi oyamba, nthawi imene chimanga sichifuna mpikisano. Feteleza wobereketsa amathiridwa nthawi itapita, ngati sadagulitsidwe kale kuti papezeke ndalama ya basi. Alimi mukudziwa kuti munda wotere subweza ngakhale theka.

Chitayiko chachiwiri ndi katundu wogulitsidwa. Zimayamba nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka njinga. Matenda akapitirira zimapita ng'ombe ndi ngolo, ndipo zimapita pa mtengo wolira chifukwa wogula akudziwa kuti mwapanikizika. Ena amabwereketsa munda kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Ena amatenga katapila. Ku Blantyre, Dr. Jane Bates ndi anzake adatsatira mabanja a anthu opezeka ndi khansa itafika kale patali, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2021. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi mabanja awiri mwa atatu alionse adali ataononga ndalama zopitirira mphamvu zawo. Kumbukirani kuti m'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere. Ndalamazo zimathera pa mayendedwe, chakudya, mankhwala ogula pamene ku chipatala atha, ndi ntchito imene yaima.

Chitayiko chachitatu ndi maliro enieniwo: bokosi, galimoto yonyamula thupi kuchokera ku chipatala, ufa ndi ndiwo za anthu ogona pa siwa, kenaka chiliza. Nkhokwe imene imayenera kufika February imatha m'masiku atatu.

Chitayiko chachinayi ndicho chachikulu, ndipo sichioneka tsiku limodzi. Ku Kenya, akatswiri awiri a zachuma cha ulimi, Takashi Yamano ndi Thomas Jayne, adayendera mabanja a alimi oposa 1,400 mu 1997 nkudzawayenderanso mu 2000. Adapeza kuti pamene bambo mwini khomo adamwalira akadali pa msinkhu wogwira ntchito, phindu la zokolola za banjalo lidatsika ndi 68 peresenti. Imfa ya bambo inkagwetsa kwambiri mbewu zogulitsa monga khofi, tiyi ndi nzimbe, pamene imfa ya mayi inkagwetsa mbewu za chakudya. Mabanja osauka ndi amene ankavutika koposa. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankafa ndi Edzi, koma munda sufunsa dzina la nthenda imene yatenga mwini wake.

Tisatenge 68 peresenti ya ku Kenya. Tingoti zokolola za banja lathu lija zatsika ndi theka, kuchoka pa matumba 40 kufika pa 20. Tinenenso kuti padutsa zaka khumi mwana woyamba asadakule mokwanira kubwezeretsa mundawo mwakale. Matumba 20 kwa zaka khumi ndi matumba 200, omwe ndi matani khumi a chimanga. Pamenepo sitidawerenge ng'ombe, ngolo, dimba, ngakhale mtsikana wa Fomu 2 amene wasiya sukulu nkukwatiwa chifukwa fizi yasowa. Mtsikana ameneyo ndiye chitayiko chimene chimafika mpaka kwa zidzukulu.

Munthu wolembedwa ntchito ali ndi pothawira. Lamulo la penshoni la 2011 lidalamula olemba anthu ntchito kuwadulira inshuwalansi ya moyo, kuti wantchito akamwalira banja lake lilandireko kanthu pamwamba pa penshoni. Mlimi penshoni yake ndi munda ndi khola, ndipo izi ndi zomwe zimayamba kugulitsidwa iye akadwala.

Kuchedwa ndiko kumadya chuma

Pali mfundo imene ndifuna aliyense wowerenga tsamba lino aigwire. Zizindikiro zimene ndatchula pamwambapa sizitanthauza khansa nthawi zonse. Kuno kwathu kawirikawiri zimachokera ku matenda ena amene ali ndi mankhwala. TB imatha kupanga chotupa muubongo. Kwa amene ali ndi kachirombo ka HIV, pali tizirombo tina timene timalowa muubongo chitetezo chikatsika, ndipo timachizika munthu akafika msanga. Magazi amatha kuundana mkati mwa chigaza munthu atagwa pa njinga masabata angapo apitawo, ndipo opareshoni yaifupi imamudzutsa.

Palinso nthenda imene ikutikhudza ife oweta nkhumba. Munthu akadya nyama ya nkhumba ya masese yosapsa bwino, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi. Nkhumba yoyendayenda ikadya chimbudzicho imagwidwa masese, ndipo munthu akameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, madzi kapena ndiwo zamasamba, timatumba ta tizirombo timatha kukamera muubongo nkuyambitsa kugwa ngati khunyu. Khola la nkhumba, chimbudzi chokumba ndi sopo zimadula nthenda imeneyi pa mtengo wochepa kwambiri.

Nanga chimachitika ndi chiyani m'midzi? Bambo akayamba kugwa kapena kulankhula zosamveka, mawu oyamba amakhala akuti amulodza, mwina chifukwa adakolola bwino chaka chatha. Miyezi itatu imathera kwa asing'anga, mbuzi zimathera komweko, abale amadana, ndipo nkhalamba ina yosalakwa imalozedwa chala. Pomafika ku chipatala munthu watheratu ndipo chuma chatheratu. Ngati chidali chotupa chochotseka, nthawi yapita. Ngati idali khansa yosachizika, banja lalipira kawiri pa imfa imodzi. Safunsa adadya phula. Mutu wopitirira masabata awiri ukukulirakulira, kugwa koyambira ukulu, kapena kufooka mbali imodzi, ndi nkhani ya chipatala sabata yomweyo.

Za chimene chimayambitsa khansa ya muubongo, madotolo atsimikiza zinthu ziwiri: mphamvu ya radiation yochuluka imene idalunjika kumutu, ndi matenda ena osowa a kumtundu. Siyopatsirana. Za mafoni a m'manja, kauniuni wamkulu amene bungwe la WHO lidachititsa, wotuluka mu 2024, sadapeze mgwirizano pakati pa foni ndi khansa imeneyi. Koma pa mankhwala ophera tizirombo m'munda pali chenjezo. Ku France, kafukufuku wotchedwa AGRICAN wakhala akutsatira anthu a ntchito za ulimi pafupifupi 180,000 kuyambira mu 2005, ndipo mu 2017 adalengeza kuti zotupa za muubongo zinkapezeka mochulukirapo pakati pa alimi, makamaka opopera mankhwala. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wopopera adzadwala. Zikutanthauza kuti kusakaniza mankhwala ndi dzanja, kupopera tomato kapena thonje uli pachifuwa pamtunda, kupopera moyang'anana ndi mphepo, ndi kusunga mchere m'botolo la mankhwala ndi juga imene simuyenera kuchita. Gulani mankhwala okhala ndi chizindikiro, ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, osati a m'timapepala ta pa msika.

Kumene dziko lafika

Tisanamizane kuti palibe chimene chachitika. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi dziko lino lidali ndi dotolo mmodzi yekha wa opareshoni ya ubongo, Dr. George Mtafu, ndipo ameneyo adatsekeredwa m'ndende popanda mlandu mu 1989. Pambuyo pake ntchito imeneyi idadzukanso pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre motsogozedwa ndi Dr. Patrick Kamalo, mothandizana ndi madotolo a ku Oslo m'dziko la Norway. Makina oyamba a MRI, ounikira mkati mwa mutu, adafika pa chipatala chomwecho mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana. Kwa zaka zambiri wofuna chithandizo chootcha khansa ndi makina ankayenera kutumizidwa ku India kapena maiko ena, ndipo mndandanda wa odikira udali wautali. Mu 2024 chipatala cha International Blantyre Cancer Centre, chomwe si cha boma, chidayamba kupereka chithandizo chimenechi, ndipo mu 2025 boma lidatsegula chipatala chake cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe.

Zimenezi ndi zoyamika. Koma mlimi wa ku Chitipa, ku Nsanje kapena ku Makanjira ali kutali ndi nyumba zimenezi. Ayenera kuyamba pa chipatala chaching'ono, kutumizidwa ku chipatala cha boma la kwawo, kenaka ku chipatala chachikulu, ndipo paliponse pali ndalama ya ulendo wa anthu awiri. Akafika nkuuzidwa kuti makina aonongeka mubwere mwezi wa mawa, ambiri sabwereranso. Amakafera kumudzi, ndipo kaundula wa khansa sawadziwa. Ndi chifukwa chake chiwerengero cha khansa ya muubongo m'maiko ngati lathu chimaoneka chochepa: wosaunikidwa sawerengedwa.

Wina atsutsa kuti nthendayi ndi yosowa, pamene malungo, TB, Edzi ndi khansa ya khomo la chiberekero zikupha anthu ochuluka. Bwanji osaika ndalama zochepa zimene tili nazo kumeneko? Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo sindikulimbana nayo. Malawi ali m'gulu la maiko amene amayi amafa kwambiri ndi khansa ya khomo la chiberekero, nthenda imene ili ndi katemera, amene adayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse lino mu 2019. Mlimi aliyense aonetsetse kuti mwana wake wamkazi walandira katemerayu ndipo mkazi wake wakayezetsa. Koma zimene ndikupempha pano sizilanda ndalama kumeneko. Makina a CT scan oyenda bwino amathandiza wa chotupa, wa sitiroko, ndi mnyamata wa kabaza amene wavulala mutu pa ngozi. Ambulansi ya mafuta imanyamula onse. Masamu a matumba 200 aja ndi amodzimodzi kaya mlimi wafa ndi khansa ya muubongo, ya kummero kapena ya chiberekero.

Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo mu 2003 ku Maputo adalonjeza 10 peresenti ku ulimi. Lonjezo la ulimi dziko lathu lakhala likulikwaniritsa zaka zambiri, makamaka chifukwa cha ndalama za feteleza wotsika mtengo. La zaumoyo takhala tikuperewera kawirikawiri. Koma feteleza sadzithira yekha. Thumba limene boma lalipirira likafika pa khomo pamene mwini munda ali gone ndipo mkazi wake ali ku chipatala, limakathera kwa mavenda. Umoyo wa mlimi ndi chipangizo cha ulimi monga mbewu ndi feteleza, ndipo unduna wa zamalimidwe uyenera kukhala woyamba kunena zimenezi pa nthawi ya bajeti.

Zimene boma lichite

Choyamba, makina ounikira m'zipatala zazikulu zinayi za Queen Elizabeth, Zomba, Kamuzu ndi Mzuzu akhale ndi ndalama yake yokonzetsera yoikidwiratu. Kugula makina nkulephera kuwakonza kuli ngati kugula thirakitala yopanda sipeya.

Chachiwiri, wodwala wotumizidwa kuchokera ku boma la kwawo apatsidwe tsiku lenileni loti akaunikidwe asadanyamuke, kuti ulendo ukhale umodzi.

Chachitatu, chisamaliro chochepetsa ululu chifike pafupi ndi midzi. Pali malo amene asonyeza kale kuti nzotheka, monga Tiyanjane pa Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima. Mankhwala a morphine akumwa ndi otsika mtengo. Mu kafukufuku wa ku Blantyre uja, mabanja amene adalandira chisamaliro chotere adaoneka kuti sadagwe kwambiri m'mavuto a zachuma poyerekeza ndi anzawo, ngakhale chiwerengero chawo chidali chochepa. Chifukwa chake nchomveka: munthu amene ululu wake wachepa ndipo wauzidwa zoona sayendayenda kufunafuna machiritso ogula.

Chachinayi, imfa zilembedwe. Lamulo la kalembera la 2010 limati imfa iliyonse ilembetsedwe, ya kumudzi yomwe. Mafumu athandize pa ntchito imeneyi. Dziko losadziwa chimene chikupha alimi ake silingadziwe pofunika kuika ndalama.

Zimene ife tichite

Boma lichite lisachite, pali zina zili m'manja mwathu, ndipo nzofunika kuzichita tikadali bwino, pakuti tsoka silinunkha.

Abambo, mkazi wanu adziwe zonse za ulimi wanu. Adziwe malire a munda, ngongole imene muli nayo ku kalabu kapena ku kampani ya fodya, amene ali ndi ngongole yanu, ndi kumene mumasunga ndalama. Apite nanu ku misonkhano ya alangizi. Paja taona kuti bambo akamwalira mbewu zogulitsa ndi zimene zimagwa. Sikuti amayi sadziwa kulima. Ndi iwo amene amagwira ntchito yambiri m'munda. Chimene chimapita ndi bambo kumanda ndi chinsinsi cha misika, mapepala ndi ngongole. Khansa ya muubongo ili ndi nkhanza ina yapadera: imatha kulanda munthu nzeru ndi mawu miyezi ingapo asadamwalire, kotero kuti nthawi yoti asiye mawu siipezeka.

Lembani wilo. Sikudziitanira imfa. Pepala lolembedwa bwino, losainidwa ndi inu pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zasaina, limateteza ana anu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo lidati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Nkhani ya munda ikambidwe poyera pamaso pa eni mbumba ndi mfumu, kaya ukwati ndi wa chikamwini kaya ndi wa chitengwa, kuti wotsalayo adziwe pamene adzalime. Mayi amene akuopa kuthamangitsidwa sathira manyowa ndipo sabzala mitengo.

Matenda akagwa, funsani dotolo funso lolunjika: kodi chithandizo ichi nchochiritsa, kapena nchochepetsa ululu? Muli ndi ufulu womva yankho. Ngati pali mwayi wochira, menyani nkhondo ndi zonse zimene mungathe. Ngati dotolo wanena kuti nthendayo yafika posabwerera, chikondi chenicheni ndi kumusamala wodwalayo kunyumba, wopanda ululu, pakati pa abale ake, osagulitsa munda ndi ng'ombe kwa aliyense wolonjeza zozizwitsa. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa, ndipo pachibale pamakhala mantha akuti anthu adzati simudayesetse. Koma funsani bambo aliyense akadali wamphamvu ngati angakonde kuti ana ake adzatsale opanda munda chifukwa cha iye. Yankho mukulidziwa.

Makalabu a alimi, mabanki a m'mudzi ndi mipingo, ikani lamulo lolembedwa. Membala akagonekedwa ku chipatala nyengo ya dzinja, gulu likabzale ndi kupalira munda wake, tsiku limodzi pa sabata. Makolo athu ankachita dima, ndipo mutu umodzi susenza denga. Anthu khumi ndi asanu amatha hekitala m'masiku owerengeka, ndipo ntchito imeneyo imaposa chipepeso chilichonse chimene mungadzapereke pa maliro. Thumba la padera la matenda likhale losiyana ndi la maliro, chifukwa takhala anthu osonkha msanga ndalama ya bokosi koma ochedwa kusonkha ya basi yopita ku chipatala. Ndipo mayi wamasiye asachotsedwe mu kalabu chifukwa dzina lolembedwa lidali la mwamuna wake.

Pa maliro penipeni, mafumu ena adayamba kale kuchepetsa zophikaphika. Ena atengerepo phunziro. Kudya matumba asanu a banja limene langotaya mlimi wake, nkubalalika kulisiya ndi nkhokwe yopanda kanthu, si ulemu kwa malemu.

Mvula isadagwe chaka chino, pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, wina aimirire nkufunsa kuti: mmodzi wa ife akadwala mu December, munda wake alima ndani? Mlembi alembe yankho lake m'buku, ndipo aliyense asaine.